Mbande zikukalamba pa nazale, eni ake ali pa foni

Mwezi uno, monga mlangizi wa zaulimi, ndayendera makalabu a achinyamata m'boma la Nkhotakota kuyambira ku Benga, kudutsa ku Chia mpaka ku sikimu ya Bua, ndipo chimene chandidetsa nkhawa si ntchemberezandonda kapena kuchedwa kwa feteleza. M'minda ingapo ndapeza mbande za mpunga zili pa nazale mpaka mwezi ndi theka, zatalika ngati udzu wofolera, pamene tonse tikudziwa kuti mbande ya masabata atatu kapena anayi ndiyo imaphukira ana ambiri. Ndikafunsa kuti mwini munda ali kuti, yankho limakhala limodzi: ali kumsika komwe kumagwira netiweki, akuposita.

Akuposita chiyani? Ngozi ya minibasi pa msewu wa M5, zigoli za Bullets ndi Wanderers, mphekesera za andale, chithunzi cha wakuba amene wagwidwa ku Dwangwa. Munthu wina anawauza pa gulu la WhatsApp kuti ukatsegula tsamba lako pa intaneti n'kumaikapo nkhani zisanu tsiku lililonse, Google imayamba kukutumizira madola. Ena mpaka anamulipira munthuyo kuti awaphunzitse. Za katsegulidwe ka tsamba sindinenapo, mukuzidziwa kuposa ine. Chimene chikundiwawa n'chakuti mwa mitundu iwiri ya masamba imene ilipo, nonse mwathamangira umene umadya kwambiri koma n'kubweza pang'ono.

Tsamba la nkhani za tsiku lili ngati usipa wauwisi. Ukatsika m'bwato m'mawa uyenera kugulidwa dzuwa lisanakwere, apo ayi wafewa. Nkhani ya lero imakhala pamwamba, ya dzulo yatsika, ya sabata yatha yakwiririka ndipo palibe adzaifunenso. Anthu amabwera chifukwa cha chatsopano basi, ndiye mukangodwala malungo masiku anayi, mukapeza onse anapita kwina. Tsamba lotere silikulolani kupuma. Mawa muyenera kugulanso bandulo, kulipiranso potchajitsa foni, kukhalanso pa benchi ya kumsika kudikira kuti wina achite ngozi. Ndipo mukupikisana ndi ndani? Zodiak, Times, MBC ndi Nation ali ndi atolankhani m'maboma ambiri, galimoto ndi makamera. Inu muli ndi foni yosweka galasi. Nkhani imene mukuilemba madzulo anthu anaimva kale pa wailesi masana.

Mtundu wina wa tsamba ndi usipa wofutsa, wouma bwino pa thandala, umene mutha kuusunga n'kukaugulitsa ku Kasungu mwezi wa mawa. Pamenepa nkhani sizisanjidwa potsata tsiku ayi, zimasanjidwa potsata mitu, ndipo iliyonse imayankha funso limene anthu amafunsa chaka ndi chaka. Kondowole wabwino amavuula chinangwa masiku angati? Kuchokera ku Lilongwe kupita ku Nkhotakota ndi bwino kudzera ku Salima kapena ku Ntchisi nthawi ya mvula? Nyanja amaitseka liti? Munthu wofunsa zimenezi sakukudziwani, ndipo sakusowa kukudziwani. Amalemba funso lake pa Google, n'kugwera pa tsamba lanu inu muli m'madzi mukuwokera mpunga. Nkhani yoti usodzi wa makoka pa nyanja ya Malawi umatsekedwa kuyambira pa 1 Novembala kuti chambo chiswane ikhalabe ndi ntchito chaka chamawa. Ya minibasi ija inatha tsiku lomwelo.

Tsopano za madola amene mukudikira. Ndondomeko ya Google yoika zotsatsa malonda pa masamba a anthu imatchedwa AdSense, ndipo ili ndi malamulo ake olembedwa poyera amene mphunzitsi wanu uja sanakuwerengereni. Asanakuvomerezeni amayamba aona tsambalo, ndipo nkhani zokopera kwa ena amazikana. Chachiwiri, ndipo ichi chimvetseni bwino, Chichewa sichili pa mndandanda wa zilankhulo zimene AdSense imalola. Tsamba lolembedwa m'Chichewa chokhachokha silingayembekezere ndalama kuchokera kumeneko. Mukalemba m'Chingerezi n'kuvomerezedwa, satumiza kalikonse mpaka ndalama zanu zitakwana $100, ndipo zisanafike pamenepo amatumiza nambala yachinsinsi pa positi kuti atsimikize adiresi yanu. Ndi angati ku Bua ali ndi bokosi la ku positi? Komanso otsatsa malonda amalipira potengera kumene owerenga ali. Wowerenga wa ku London kapena Johannesburg amabweretsa zambiri kuposa wa kuno kwathu, moti kuti mufike pa $100 ndi owerenga a m'boma muno pamafunika chikhamu cha anthu chimene simunachionepo. Ndamvanso kuti ena mumauzana kuti muzidinirana zotsatsazo. Makina awo amazindikira zimenezi ndipo amatseka akaunti, ndalama zonse n'kupita.

Kumbali ya zotuluka m'thumba ndiye palibe kudikira. Dzina la tsamba ndi malo osungira tsambalo zambiri zimalipidwa chaka ndi chaka pa mtengo wa dola, ndipo kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mukudziwa nokha mmene zinthu zogula ndi dola zakhalira. Onjezani bandulo ya tsiku ndi tsiku. Onjezani mpunga umene simudzakolola chifukwa mbande zinakalamba. Palinso lamulo. Kutenga nkhani kapena chithunzi cha wina n'kuchiika ngati chanu n'kuphwanya lamulo la Copyright la 2016, loteteza umwini wa zolemba ndi zojambula, limene bungwe la COSOMA limayang'anira, ndipo kufalitsa mabodza kapena kunyoza munthu pa intaneti kwamangitsa kale anthu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la chaka chomwecho. Chithunzi cha mtembo pamsewu chimene mukuthamangira kuposita, abale ake asanamve n'komwe za malirowo, si malonda. Ndi kupanda ulemu.

Khalidwe limeneli si lachilendo ndipo landitopetsa. Mnansi akapeza ndalama ndi tomato, mudzi wonse umadzala tomato, kenako timakataya madengu pa Kamuzu Road ku Salima. Za zinziri zija mwaiwala kale? Aliyense anamanga khola asanafunse kuti adzagula ndani. Tasintha chabe chida, m'malo mwa khola ndi foni, koma kutsanzira osawerengera n'komwe kuja.

Sabata yatha bambo wina wa ku Bua anandiimitsa ndili pa njinga yamoto, matope ali mpaka m'mawondo. "Alangizi, mwana wanu uja mukamulankhule, ine ndalephera." Mnyamatayo anagulitsa matumba awiri a Kilombero amene bambo ake anasungira mbewu ndi chakudya cha Febuluwale, n'kugula foni yaikulu. Tinakhala naye pansi pa mtengo wa mango, n'kundionetsa tsamba lake. Nkhani zinalipo zambirimbiri, za mpira, za ndale, za oimba. Ndinamufunsa kuti pa zonsezi chinalowapo m'thumba n'chiyani. Anangoyang'ana pansi. Kenako anakumbukira kuti mwezi wa Okutobala mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe anamuimbira kufuna mpunga, ndipo anagula matumba atatu kwa amalume a mnyamatayo. Ndinati anakupeza bwanji? Tinafufuza mpaka pansi penipeni pa tsambalo. Tsiku lina atasowa cholemba, analemba mmene bambo ake amazindikirira Kilombero weniweni: kutenga mpunga pang'ono m'manja, kuufikisa, kuununkhiza, kuyang'ana ngati njere zonse ndi zazitali mofanana kapena mavenda asakanizamo mpunga wa Pussa. Anaikapo chithunzi cha manja a bambo ake ndi nambala ya foni. Nkhani imeneyo ankaiyesa yopanda ntchito, moti anafuna kuifufuta. Bambo aja atamva anati, "Ndiye kuti chimene chinagulitsa mpunga ndi manja angawa, osati Bullets." Mnyamatayo sanayankhe, koma ndinaona kuti zamulowa.

Pamenepo m'pamene pali ndalama ya munthu wolemba m'Chichewa. Sichokera kwa Google, imachokera kwa wogula mpunga, usipa, ufa wa kondowole, mbewu ya chinangwa, kapena mlendo wofuna bwato pa Chia.

Mwachidule, poti nthawi yatha. Sankhani chinthu chimodzi chimene banja lanu limachidziwa bwino ndipo muli nacho chogulitsa. Lembani mafunso khumi amene ogula amakufunsani, funso lililonse likhale ndi nkhani yakeyake, mutu wake ukhale mawu omwewo amene munthu angalembe posaka. Zithunzi zikhale zojambula nokha. Ikani nambala yanu ya Airtel Money kapena Mpamba poonekera, ndipo mukalemba mtengo lembaninso tsiku, muzikonza ukasintha. Yambani ndi malo aulere, za kulipira dzina la tsamba mudzaziona wogula woyamba akaimba. Amene mumatha Chingerezi, alendo obwera ku nkhalango ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa kuyambira 2015 ndipo inalandira njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017, amasaka za misewu, malo ogona ndi chakudya, choncho lemberani iwowo. Nkhani imodzi pa sabata yakwana, Lamlungu madzulo. Musayembekezere foni kulira mwezi woyamba.

Za mbande zakalambazo, musazitaye. Dulani nsonga za masamba, wokerani zinayi kapena zisanu pa phando ndipo mapando muwayandikizeko pang'ono, sabata ino isanathe. Lachinayi m'mawa ndidzakhala ku sikimu, amene muli ndi masamba mubwere ndi mafoni anu otchaja titatha kuona minda.