Kumwa mankhwala a matenda ovutika maganizo: zochitika mu ubongo ndi zoyenera kutsata

Maselo a mu ubongo amatumizirana uthenga pogwiritsa ntchito timadzi tapadera timene selo lina limatulutsa ndipo linzake limalandira. Timadzi timene timatchulidwa kawirikawiri pa nkhani ya chimwemwe ndi chisoni ndi serotonin, noradrenaline ndi dopamine, ndipo timakhudza tulo, chilakolako cha chakudya, mphamvu komanso chidwi chimene munthu amakhala nacho pa zinthu. Madokotala anayamba kuganizira zimenezi m'zaka za m'ma 1950, ataona kuti odwala chifuwa chachikulu amene ankamwa mankhwala otchedwa iproniazid ankayamba kusangalala, ndiponso dokotala Roland Kuhn wa ku Switzerland atalengeza mu 1957 kuti mankhwala a imipramine amathandiza anthu ovutika maganizo.

Kuchokera pamenepo kunafala mawu akuti matendawa amabwera chifukwa serotonin wachepa mu ubongo. Mawuwa ndi osavuta kumva, koma sakufotokoza zonse. Mu 2022, Joanna Moncrieff wa ku University College London ndi anzake anaunikanso kafukufuku wambiri ndipo sanapeze umboni wokwanira woti kuchepa kwa serotonin ndiko gwero la matendawa. Zimene zikudziwika n'zakuti chibadwa cha ku mtundu, mavuto okhalitsa monga ngongole, maliro ndi nkhanza za m'banja, matenda ena a m'thupi, komanso homoni ya cortisol imene imachuluka munthu akapanikizika, zonsezi zimagwirira limodzi posintha kagwiridwe ntchito ka ubongo. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa aliyense womwa mankhwala, chifukwa ubongo suli ngati thanki ya galimoto yoti mungothiramo mafuta n'kunyamuka nthawi yomweyo.

Choyamba ndi kupita kuchipatala ngati mwatha milungu iwiri kapena kuposerapo muli wachisoni pafupifupi tsiku lililonse, zinthu zimene munkazikonda sizikukusangalatsaninso, tulo ndi kudya zasokonekera, ndipo mukudziona ngati wachabechabe. Mukakumana ndi dokotala, fotokozani zonse osabisa: mankhwala ena amene mukumwa kuphatikizapo ma ARV ndi azitsamba, kuchuluka kwa mowa umene mumamwa, ngati mumasuta chamba, ndiponso ngati ndinu oyembekezera kapena mukuyamwitsa. Kuchepa kwa magazi ndi vuto la chithokomiro zimathanso kufooketsa munthu mofanana ndi matendawa, choncho mwina adzafuna kukuyezani magazi. Chinthu china chimene odwala ambiri saganiza n'komwe zochitchula, koma n'chofunika kwambiri, ndi ngati munakhalapo ndi masiku amene munali ndi mphamvu zodabwitsa, osagona, kulankhula kwambiri ndi kumwaza ndalama. Kwa munthu wotero, mankhwala a matenda ovutika maganizo akaperekedwa okha angathe kuyambitsanso vuto la mphamvu zodabwitsalo.

Mankhwala amene mungapatsidwe kawirikawiri ndi amitriptyline kapena fluoxetine. Amitriptyline amabweretsa tulo, n'chifukwa chake amamwedwa usiku, ndipo masiku oyamba angaumitse m'kamwa, kudzimbitsa kapena kuchititsa chizungulire munthu akadzuka mofulumira. Fluoxetine nthawi zambiri amamwedwa m'mawa, ndipo ena amamva nseru, amasowa tulo kapena chilakolako cha m'banja chimachepa. Zambiri mwa zimenezi zimachepa pakapita masiku, koma zikakuvutani bwererani kuchipatala kuti akasinthe mlingo kapena mtundu wa mankhwala, osati kungowasiya mwakachetechete.

Pamene ambiri amagwera mphwayi ndi pa kudikira. Mankhwalawa amayamba kusintha timadzi ta mu ubongo patangopita maola ochepa, koma mtima umayamba kupepuka patatha milungu iwiri mpaka inayi, nthawi zina isanu ndi umodzi, chifukwa maselo amafuna nthawi kuti azolowere ndi kukonzanso kulumikizana kwawo. Ndikuona kuti wodwala aliyense ayenera kuuzidwa zimenezi pa tsiku loyamba, popeza munthu amene wamwa mapiritsi kwa sabata imodzi osaona kusintha amafulumira kunena kuti sakugwira ntchito. Kawirikawiri tulo ndi kudya zimayamba kubwerera chisoni chisanachoke, ndipo a m'nyumba ndi amene amayamba kuona kusinthako. Pa milungu yoyambirirayi achibale ayenera kukhala tcheru, makamaka ngati wodwalayo sanakwanitse zaka 25, chifukwa maganizo ofuna kudzipha angathe kukula. Zikatero, musamusiye yekha, chotsani mankhwala a mbewu ndi zingwe pafupi, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Amitriptyline ndi oopsa munthu akamwa ambiri nthawi imodzi, choncho ndi bwino kuti wachibale wodalirika azisunga mapiritsiwo.

Mukayamba kupeza bwino, pitirizani kumwa kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo monga mwa malangizo a dokotala, chifukwa kusiya msanga kumabwezeretsa matendawa. Nthawi yosiya ikafika, mlingo umachepetsedwa pang'onopang'ono kuti mupewe chizungulire, kusowa tulo ndi kukwiya msanga.

Popeza mavuto a moyo amasintha ubongo, kukambirana ndi mlangizi wophunzitsidwa bwino kumathandizanso, ndipo kwa amene matenda sanakule kwambiri uphungu ungakhale wokwanira popanda mapiritsi. Kuyenda ndawala tsiku ndi tsiku, kugona ndi kudzuka nthawi yofanana, ndi kusiya mowa zimathandizira chithandizo chilichonse chimene mukulandira. Ku Malawi mungayambire pa chipatala cha boma cha m'boma lanu n'kufunsa anamwino oona za matenda a maganizo, ndipo ofunika chithandizo chapadera amatumizidwa ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.