Mwagula lithium ya mu kalavani? Musanamange, onani kaye waya ndi fyuzi

Mwezi wathawu bambo ena anakoka kalavani yawo kubwera nayo kwa ine kuno ku Joni, akuti akangoyatsa ketulo mkatimo mukumamveka fungo la pulasitiki wopsa. Nditatukula matilesi n'kutsegula bokosi la pansi pa bedi ndinapeza waya wofiira uja chikopa chake chitafewa ngati phula, pena chitamatirira pa thabwa ndipo thabwalonso litayamba kuda. Iwowa anachotsa mabatire akale a lead n'kuikapo a lithium awiri, anawonjezanso invata (chosinthira magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba) ya 2000W koma waya anasiya yemwe uja wa 16mm², ndiye fyuzi ya 100A itayamba kumapsa pafupipafupi anakagula ya 300A kuti isiye kuwavutitsa. Pabedi pomwepo ndi pomwe pamagona ana awo akapita kokayenda, zinandikhudza kwambiri.

Abale, fyuzi ntchito yake ndi kuteteza waya. Sitimayisankha potengera kuti invata ikufuna zingati basi, timayamba tapeza waya wokwanira kunyamula katunduyo, kenako fyuzi ikhale yoti ipse waya asanatenthe. Fyuzi ikamapsa kawirikawiri ikukuuzani kuti penapake pali vuto, ndiye mukaikapo yaikulu kuposa waya ndiye kuti wayayo ndi amene wasanduka fyuzi, ndipo waya akamapsa amapsera mkati mwa matabwa ndi nsalu.

Mwina mufunsa kuti nanga bwanji ndi mabatire akale aja zimayenda bwinobwino. Batire la lead ukalikoka kwambiri mavoti amagwa, invata n'kuzima yokha. Lithium ya LiFePO4 ili ndi maselo anayi a 3.2V omwe amapanga 12.8V, imagwira mavoti ake mpaka itatsala pang'ono kutha, ndipo pakachitika shoti imatha kutulutsa ma amps masauzande nthawi imodzi. Musadalire BMS ya mkatimo kuti ikupulumutsani, ndi kabodi ka ilekitironiki koteteza batire, shoti yamphamvu ikhoza kukaotcha n'kutsala kali kolumikiza.

N'chifukwa chake mtundu wa fyuzi ndi nkhani yaikulu, osangoona nambala ya ma amps ili pamwambayo. Fyuzi iliyonse ili ndi malire a mphamvu yomwe ingathe kudula, akapitirira pamenepo chitsulo chija chimasungunuka koma moto umadumphabe mpatawo, magetsi kumapitirira kuyenda. Ya MEGA imadula mpaka 2,000A, ya MRBF yomwe imakhala pamutu pa batire penipeni 10,000A pa 14V, pomwe ya Class T imafika 20,000A. Ine batire likakhala limodzi la 100Ah ndimaika MRBF, akakhala awiri kapena atatu olumikizana ndimaika MRBF pa lililonse kenako Class T pa waya wamkulu wopita ku invata. Ndiyokwera mtengo inde, koma apa sindimanyengerera munthu. Ikhale pafupi ndi pozitivi ya batire, malamulo a ABYC omwe a maboti ku America amatsatira amati isapitirire mainchesi 7, pafupifupi 18cm, chifukwa kachigawo ka waya kali pakati pa batire ndi fyuzi kalibe chokateteza chilichonse.

Tsopano masamu ake, si ovuta. Invata ya 2000W mugawe ndi 12V mupeza 167A, koma invata nayo imadyako pafupifupi 10 peresenti ndiye tinene kuti 185A. Wonjezerani kota pamwamba kuti fyuzi isamapse ndi katundu wa masiku onse, mufika cha m'ma 230A, ndiye yapafupi ndi ya 250A. Waya wake ndimaika wa 70mm², aku America amati 2/0, ndipo invata ikhale pafupi ndi batire, mita imodzi kapena imodzi ndi theka. Negetivi naye akhale wonenepa chimodzimodzi, ambiri amaumira pamenepa kuiwala kuti magetsi omwe apita ndi omwenso akubwerera. Ngati invata ndi ya 1000W, waya wa 35mm² ndi fyuzi ya 125A zikwana. Onaninso pepala la batire lanu, ambiri a 100Ah BMS yake imalola 100A yokha, ndiye limodzi silingakoke invata ya 2000W, lizingozima pakati pa kuphika.

Kwina komwe anthu amalakwitsa ndi kutchaja kuchokera ku galimoto yokoka. Kawaya ka mu pulagi ya 7-pin yolumikiza kalavani ku galimoto n'kowonda, sikanapangidwire batire lomwe limameza ma amps onse omwe lapatsidwa. Ikani tchaja ya DC-DC, imachepetsa kukokako kuti alutaneta isatenthe komanso imapereka 14.2V mpaka 14.6V yomwe lithium imafuna, ndipo muyendetse waya wakewake kudzera pa pulagi yotuwa ya 50A ija kuno amati Brad Harrison. Apa chovuta ndi kutalika. Kuchoka ku batire la kutsogolo kwa galimoto kufika mu kalavani pangakhale mamita 7, kupita ndi kubwera 14. Chulukitsani 0.0175 ndi mamitawo ndi ma amps kenako mugawe ndi kukula kwa waya. Pa 30A waya wa 6mm² ataya 1.2V panjira, wa 16mm² ataya osafika theka la voti, ndiye mwaona kale woyenera kugula. Waya ameneyu amafuna fyuzi mbali zonse ziwiri poti uku kuli batire ukonso kuli batire. Tchaja yakale ya mu kalavani yolumikiza ku magetsi a pa kampu muyionenso, ngati ili ndi ikwalaizi ija imakweza mavoti kupitirira 15V, izimitseni kapena musinthe tchaja. Ndipo ngati mumakagona ku Karoo (dera louma la kuno ku South Africa) mu June, lithium isatchajidwe kukazizira pansi pa 0°C.

Pogula waya tengani kampeni. Pali wina wotchipa amawala ngati kopa koma ndi aluminiyamu wongokutidwa, amalemba CCA, ukapala pang'ono mkati mwake mumatuluka zoyera komanso m'manja amapepuka. Ameneyo musiyeni, kukula kofanana koma sanyamula ngati kopa weniweni, ndipo kalavani poti imagwedezeka mumsewu amathothoka msanga m'malagi, tizitsulo ta kumapeto kwa waya tomangira pa bawuti.

Moto wambiri womwe ndaona umayambira polumikiza. Malagi apanidwe ndi kirimpa ya haidiroliki osati kumenya ndi hamala, mukamaliza kokani mwamphamvu muone ngati savuka. Lagi igone mwachindunji pa mutu wa batire, washa abwere pamwamba, mukamulowetsa pakati magetsi onse aja azidutsa mu kachitsulo kameneko n'kumatentha. Mabatire awiri mawaya owalumikiza akhale ofanana kutalika, pozitivi mutenge pa ili negetivi pa linalo kuti azitha mofanana. Paliponse pomwe waya akudutsa pa chitsulo cha chasisi ikanipo labala, mumumange asamalendewere. Pogwira ntchito vulani mphete ndi wotchi, sipanala muikulunge tepi, negetivi achoke koyamba ndipo abwerere komaliza.

Ya bambo aja titamaliza tinayatsa ketulo kangapo motsatizana kwa mphindi 15, kenako ndinawagwiritsa dzanja lawo pa lagi iliyonse ndi pa fyuzi kuti amve okha kuti pakungofunda pang'ono. Inunso chitani chomwecho, pomwe chala sichingapirire zimitsani mumasule mukonzenso, ndipo mukabwerako ulendo woyamba mudutsenso ndi sipanala manati onse chifukwa msewu wa fumbi umawamasula.