Momwe mungathandizire wophunzira Chitumbuka kuti azichiyankhula kunja kwa kalasi

Anamwino, apolisi ndi ophunzira a ku Mzuni (yunivesite ya Mzuzu) ochokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre akafika kuno ku Mzuzu amayamba kuphunzira Chitumbuka, koma kwa ambiri chimangothera m'kope. Ndathandizapo angapo ndipo ndimachita chonchi.

Yambani ndi moni. Za "Monire", "Mwawuka uli" ndi "Yewo" sindichedwapo. Wophunzirayo azizinena kwa mlonda wa pageti ndi kwa wa Sacramento (njinga ya kabaza) amene amamukweza m'mawa, basi.

Kenaka kumsika, ndipo apa ndi pomwe pamavuta. Mu Mzuzu pafupifupi aliyense amamva Chichewa, chifukwa kuyambira 1968 ndicho chinkaphunzitsidwa m'sukulu za dziko lonse, pomwe Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ya MBC mpaka 1994. Tsono mnyamata wina amene ndinamutuma kumsika wa Zigwagwa atangoti "Tomato ni zilinga?", mayi wogulitsa anamva lilime lake n'kuyankha kuti, "Faivi handiredi mulu, achimwene." Zonse zotsatira zinayenda m'Chichewa. Anabwerako ndi tomato, manyazi atamugwira, n'kumati amuseka. Mayiwo sanalakwe ayi, ankafuna agulitse msanga poti kumbuyo kunali ena akudikira.

Ndiye inuyo mupiteko kaye nokha. Sankhani mayi mmodzi wa pabenchi, wokonda macheza, muwapemphe kuti wophunzira wanuyo asamamuyankhe m'Chichewa ngakhale achite chibwibwi. Azipita cha m'ma 2 koloko masana anthu atachepa, osati m'mawa pomwe katundu akutsitsidwa. Azigula pomwepo nthawi zonse, azinenerera mtengo ndi kupempha basela m'Chitumbuka. Ngati mulu wa pamenepo wadulako pang'ono, musadandaule, ndiyo fizi yake imeneyo.

Samalani ndi timabuku tafotokope togulitsidwa m'misewu. Tina tosakaniza ndi Chitonga, tina masamba osowa. Palinso aphunzitsi oyenda ndi chikwama amene amafuna ndalama ya mwezi wonse asanayambe. Muziwalipira tsiku lomwe aphunzitsalo.

Zotsalazi n'zosavuta. Madzulo azitsegula Voice of Livingstonia kapena Radio Tigabane, m'mawa akuuzeni zomwe wamva. Lamulungu alowe mapemphero a Chitumbuka, aziimba nawo. Pa WhatsApp muzimutumizira mawu ojambula, osati olemba, iyenso aziyankha ndi pakamwa.