Chiwongolero Chinkanjenjemera Nditaika Marimu Aakulu

Ndinachotsa marimu achitsulo a mainchesi 15 pa galimoto ya banja lathu, n'kuika a aluminiyamu a mainchesi 17, komanso masipuling'i afupiafupi kuti itsikeko pang'ono. Inakongola ndithu, koma liwiro likangofika makilomita 90 pa ola, chiwongolero chinkanjenjemera mpaka manja kuchita dzanzi.

Ndinakachititsa balansi ya matayala, sizinasinthe. Ndinasinthanitsa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, chimodzimodzi.

Gwero la vutoli linali bowo lapakati pa rimu. Nditayeza ndi vernier caliper, chipangizo choyezera kukula kwa zinthu molondola, bowolo linali mamilimita 73.1 pomwe habu ya galimoto, chitsulo chapakati chomwe chimalowa m'bowolo, ndi 54.1. Opanga marimu ambiri amakulitsa bowoli dala kuti alowe pa magalimoto osiyanasiyana, ndiye rimu imangodalira manati kuti ikhale pakatikati. Ikapatuka pang'ono chabe, tayala limazungulira mopendama, ndipo makina a balansi sangaone zimenezi chifukwa amayeza tayala litachotsedwa pa galimoto.

Ndinagula mphete zotchedwa hub-centric rings za 73.1 ndi 54.1, zotseka mpata wa pakati pa bowo la rimu ndi habu. Ndinakweza galimoto ndi jeke, ndinapala dzimbiri pa habu ndi burashi ya waya, kenako ndinalowetsa mphetezo. Kupalako musakunyozere, dzimbiri limalepheretsa rimu kugona bwino. Manati ndinayamba kumanga ndi manja tayala lili m'mwamba, modumphadumpha osati motsatana, n'kumalizitsa ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, pa mlingo wolembedwa m'buku la galimotoyo.

Pomaliza ndinakachititsa alayimenti, yomwe ndi kuwongola kaimidwe ka matayala, popeza kutsitsa galimoto kumapendeketsa matayala ndipo amadyeka cham'kati. Kunjenjemera kuja kunatheratu.