Kakololedwe ndi kasungidwe ka chitowe

Chitowe ndi mbewu imene mlimi angathe kuisamalira bwino dzinja lonse, koma n'kuitaya m'masiku owerengeka chifukwa chochedwa kudula. Makoko ake akauma amang'aluka okha, ndipo njere zikagwera mumchenga wa kuno ku Mangochi palibe amene angazitolenso. Mitundu yambiri imakhwima pakatha masiku 90 mpaka 120, koma musadalire kuwerenga masiku kokha. Yenderani munda tsiku lililonse, ndipo mukaona kuti masamba akunsi achita chikasu n'kuyamba kuyoyoka, makoko akunsi nawonso ayamba kusintha mtundu koma asanang'ambike, dulani, ngakhale makoko akunsonga akadali obiriwira.

Dulani m'mawa mame asanaume, pogwiritsa ntchito chisenga kapena mpeni wakuthwa. Musazule, chifukwa mizu imabwera ndi dothi. Mangani mitolo ing'onoing'ono yoti mphepo izidutsamo, ndipo muiimike mitu ili m'mwamba, motsamira pamtanda wa mitengo kapena mokhazikitsana itatu kapena inayi. Pansi pake payenera kukhala lona. Ndikudziwa kuti ambiri amaona ngati kugula lona n'kuononga ndalama, koma mchenga ndi njere ya chitowe n'zofanana msinkhu, kotero zikasakanikirana lichero silingazilekanitse bwinobwino, ndipo wogula akangomva mchenga m'mano amatsitsa mtengo nthawi yomweyo. Mangirirani mitoloyo zolimba chifukwa cha mwera umene umayamba cha mu Meyi, ndipo muzilondera mbuzi, chiswe ndi nyerere. Alimi a kumapiri monga ku Namwera azikhala ndi chofunditsira pafupi, poti kumeneko mvula yowaza imabwera ngakhale dzinja litatha.

Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri makoko amakhala atatseguka. Zondotsani mtolo pamwamba pa lona n'kuumenya pang'onopang'ono ndi kamtengo, kenako muuimikenso, chifukwa makoko akunsonga amatseguka mochedwa ndipo kumenya kwachiwiri kumatulutsa njere zambiri ndithu. Sefani, petani, ndipo muyanikenso.

Pafupifupi theka la kulemera kwa njere ya chitowe ndi mafuta, n'chifukwa chake chimafunika kuuma kuposa chimanga, kufikira chinyezi chitatsika pa 6 peresenti kapena pafupi pamenepo. Chikalowa m'thumba chisanaumitsitse chimatentha, chimachita nkhungu, ndipo mafuta ake amayamba kuwawa, makamaka kumadera otentha a m'mbali mwa nyanja monga Malindi ndi Makanjira. Musathire m'thumba njere zimene zangochoka padzuwa; ziyambe zazizira pamthunzi. Matumba akhale aukhondo, osati amene munali feteleza kapena mankhwala, ndipo musathiremo mankhwala ophera anankafumbwe, popeza ogula otumiza kunja amakana chitowe chopezeka ndi mankhwala. Sanjikani matumbawo pamathabwa, motalikirana ndi khoma, m'chipinda chosadontha ndi chopita mphepo, ndipo sabata iliyonse muzipisa dzanja m'thumba limodzi. Mukamva kufunda, khuthulani n'kuyanikanso tsiku lomwelo.