Galimoto yatsopano pa ngongole yopanda chiwongoladzanja ku America, chitani chonchi

Achimwene, mwafunsa ngati 0% APR (ngongole yopanda chiwongoladzanja) imene amatsatsa pa magalimoto atsopano ku America ndi yoona. Ndi yoona ndithu, kungoti opereka ngongoleyo si banki yanu ayi, ndi kampani ya eni ake opanga galimotowo monga Ford Credit, Toyota Financial Services kapena GM Financial, ndipo amaika pa magalimoto amene akufuna atuluke msanga.

Choyamba onani credit score yanu, nambala yosonyeza mmene mumabwezera ngongole. Ya FICO imayambira 300 mpaka 850 ndipo 0% amapatsa okhawo amene ili pamwamba, ngati mwangofika kumene mbiri ya ngongole mulibe ndiye musataye nthawi. Kenako pitani ku banki kapena credit union (bungwe la mamembala losunga ndi kubwereketsa ndalama) akupatseni pre-approval (kalata yoti avomera kukubwereketsani ndalama) muziyenda nayo m'thumba. Mukafika kwa dila (wogulitsa magalimoto) nenererani kaye mtengo wa galimotoyo, za ngongole zibwere pambuyo, ndipo akakufunsani kuti pamwezi mungakwanitse zingati musathamangire kuyankha chifukwa mmenemo ndi mmene amalowetseramo ma warranty (mapangano okonza galimoto ikawonongeka) owonjezera amene simunawafune.

Nthawi zambiri amati musankhe chimodzi, 0% kapena rebate (ndalama yochotsera pa mtengo), ndiye apa pamafunika masamu. Tinene galimoto ya $30,000, rebate $2,000, yatsala $28,000, mukaikongola pa chiwongoladzanja cha 6% miyezi 60, mudzalipira pafupifupi $32,480 pomwe pa 0% ndi $30,000 basi. Koma 0% yo ikakhala ya miyezi 36 yokha pamwezi ndi $833, inshuwalansi ili padera, onani kaye ngati malipiro anu akulola musanasaine.