Musasamutsire chitowe tsidya pa dzina la mlamu

Chaka chino ndaona magulu angapo a alimi kuno ku Nsanje akunyamula sikelo, matumba ndi chitowe chonse kukasunga tsidya, ku Mozambique. Chifukwa chake ndikuchimva. Chigwere kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, metikali, ndalama ya ku Mozambique, ikulemera m'thumba, ndipo ogula a tsidyalo ali pafupi ndi njanji ya Sena yopita kudoko la Beira. Kusamukako sindikuletsa ayi. Chondiwawa n'chakuti nyumba yosungiramo, sikelo ndi katundu yense mukuziika pa dzina la mlamu kapena malume a tsidya, popanda ngakhale kapepala.

Ndikafunsa, yankho ndi lomwe lija: "Ndi wachibale, alangizi." Mpaka liti? Katundu akaoloka malire, lamulo lomuyang'anira ndi la kumeneko, zikalata zake n'za Chipwitikizi, ndipo dzina lolembedwapo ndiye mwini wake. Mlamu akamwalira, ana ake adzati chitowecho n'cha bambo awo. Akakhala ndi ngongole, wangongole adzanyamula matumba anu masanasana. Inu mudzakadandaula kuti, poti munaoloka usiku panjira yachidule, kuzemba chipata cha m'malire cha Marka? Mfumu ya kuno siiweruza mlandu wa tsidya.

Bambo wina wa kwa Ndamera anandifotokozera zake tili pansi pa mtengo wa masau, chipewa chili pabondo. Anaolotsa chitowe cha gulu lawo pa njinga, maulendo ambirimbiri, n'kuchisiya m'chipinda cha mlamu wake kudikira mtengo ukwere. Pobwerera anapeza pansi posesedwa bwinobwino, patsala sikelo yokha. Mlamu akuti anagulitsa chitowecho mwana wake atadwala, adzabweza akakolola. Amayi a m'gulumo, amene anamweta ndi kupuntha chitowecho padzuwa la kuno kuchigwa, pano sakumupatsa moni bamboyo. Feteleza wa kudimba sanagule, fizi ya ana sanalipire, ndipo gulu linatha.

Ngati mwatsimikiza kusamuka, dutsani pa Marka masana, funsani a bungwe lotolera misonkho la MRA mapepala ofunika musanakweze thumba ndi limodzi lomwe. Lembani mgwirizano wa lendi ya nyumbayo m'zilankhulo zonse ziwiri, mafumu a mbali zonse asainire, ndipo mmodzi wa gulu azigona komweko ndi buku lolembamo matumba. Musaolotse zonse nthawi imodzi. Ofuna thandizo polemba mgwirizanowo andipeze ku ofesi ya zaulimi Lachiwiri m'mawa.